Tsiku Limene Alinesi Anakana Kukwera M'siling'i

Alinesi anatuluka pa geti la nyumba ina ku Area 3 ali ndi chitenje chimodzi, masilipasi ndi fungo la utsi m'tsitsi. Zina zonse zinali phulusa: matiresi, zovala, chithunzi cha mwana wake ndi setifiketi yake ya Fomu 2. Palibe anamulodza, palibe anamuchitira nsanje. Motowo anauyambitsa yekha.

Ndikufotokozereni bwino, chifukwa zimene anachitazo ambirife tikuchita lero lomwe.

Anali wantchito wa m'nyumba ndipo ankagona ku boyizikota. Waya wa hotipuleti yake anali wamfupi, sankafika pa soketi. Anatola chidutswa cha waya wa wailesi yakufa, anapotokola mawaya awiriwo ndi zala, pamfundopo n'kukulungapo jumbo. Kuti abwana asaone, anaphimba ndi mkeka. Masana amenewo anateleka nyemba n'kupita kukasita m'nyumba yaikulu. Waya wowondayo anatentha, jumbo inasungunuka, mkeka unagwira moto.

Abwana ake sanakalipe. Anangoyang'ana malata opindikawo n'kunena kuti, "Mwayi wako sunafe. Koma pano usagonenso."

Anayenda wapansi mpaka pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe. Unali mwezi wa Okutobala, mzinda wonse uli m'nkhungu ya fumbi ndi utsi wa lupsa, maluwa a jakaranda akugwa ngati munthu akuwaza dala. Anthu ankamudutsa uku ndi uku, iye akuwaona ngati ali kutsidya kwa galasi. Kwawo ku Nsaru kunali amayi ake ndi mwana wake wamkazi, onse maso ali kwa iye. Anaganiza zobwerera, koma akanakawauza chiyani? Anali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu, wopanda mwamuna, wopanda ntchito, wopanda pepala.

Mayi wina wa ku tchalitchi anamupatsa pogona pansi, n'kumubwereka chiwaya. Alinesi anayamba kukazinga mandasi.

Malo ogulitsira anawapeza pa khonde la shopu ya zamagetsi ku Old Town. Mwini wake anali mayi wa chimwenye, a Daxa, obadwira mu Lilongwe momwemo, a Chichewa chakuthwa ngati lumo. Anamulola kukhala pamenepo chifukwa amisiri obwera kudzagula katundu m'mawa ankafika ndi njala.

Alinesi sankafuna n'komwe kuyang'ana m'shopumo. Waya anali mdani wake. Koma makutu alibe chitseko. Tsiku ndi tsiku ankamva amisiri akuitanitsa waya potchula kunenepa kwake: wani poyinti faifi wa mababu, thu poyinti faifi wa masoketi, sikisi wa kukala yophikira. Masana malonda akazizira ankatsamira khoma n'kumayang'ana mikombero ya mawaya italendewera kudenga, ofiira, akuda, obiriwira, ngati mikanda ya chimphona. Tulo tikamamunyengerera, ankaona ngati makoma a mashopu a tsidya lina asanduka madzi oyera, mkati mwake mawaya akuyenda ngati mitsempha ya m'thupi, kukwera, kupinda, kukumana, kusiyana. Akadzidzimuka ankapeza ntchentche pa mandasi.

Tsiku lina analimba mtima.

"Amayi, n'chifukwa chiyani waya amayaka?"

A Daxa anadula zidutswa ziwiri, chowonda ndi chonenepa, n'kumuika m'manja. "Ukatenga anthu a basi yonse ya ku Mzuzu n'kuwalowetsa mu minibasi, imatani?"

"Imaphulika matayala."

"Basitu. Hotipuleti imakoka magetsi ambiri, waya wowonda sangathe. Ndiye ukapotokola ndi zala, pamfundopo m'pamene pamatentha kwambiri. Mawaya amalumikizidwa ndi konekita yomanga ndi sikulu, m'kabokosi kotseka. Wafunsiranji?"

"Ndinawotcha nyumba ya eni."

A Daxa anamuyang'ana nthawi yaitali. "Ndiye iwe ukudziwa kuposa theka la amene amagula muno. Iwo sanaonebe."

Kuyambira pamenepo mafunso sanathe. Waya wobiriwira uja ntchito yake n'chiyani? Ndi wa ethi, amathawitsira magetsi pansi chitsulo cha firiji kapena ayironi chikagwidwa, kuti asadutse mwa munthu. Nanga bureka, kaswichi ka pa bolodi la magetsi kaja, ikamangogwa yokha? Ndiye kuti ikukuuza kuti penapake palakwika. Ena amaimanga ndi tepi kuti isagwenso, ofanana ndi munthu wotseka pakamwa galu amene akuuwa mbala.

Patapita miyezi, bambo wina wa tayi anabwera kudzagula waya wa kukala, n'kuloza wowonda chifukwa ndiye wotchipa. Alinesi anayankhira pa khonde, manja ali mafuta okhaokha.

"Bambo, ameneyo ndi wa mababu. Mukaika kukala muwotcha ana."

Amisiri anafa nacho chiseko. "Imvani injiniya wa mandasi!"

A Daxa sanaseke. Bambo uja atachoka ndi waya woyenera, anatuluka pa khonde. "Alinesi, mandasi ako ndi olimba, ndakhala ndikukubisira. Koma mutu wako uli bwino. Pita kusukulu."

Kunena n'kosavuta. Sukulu ya ntchito zamanja imene anapeza inkafuna setifiketi, ndipo yake inali phulusa. Anayenda m'maofesi kufuna kalata yotsimikizira kuti analembadi mayeso. Bwerani mawa. Amene amasaina apita kumaliro. Bwerani sabata ya mawa. Anapita kasanu ndi kawiri, ulendo wachisanu ndi chitatu anatuluka nayo.

M'kalasi anali mkazi yekha pakati pa anyamata oti akanatha kuwabereka kumbuyo ali makanda. M'mawa ankakazinga n'kusiya beseni kwa mnzake wogulitsa nthochi, kenako kuthamangira minibasi. Ntchito ya manja ankaitha. Pulayala inamuzolowera msanga, ndipo mapaipi ake odutsamo mawaya ankawongoka ngati wayeza ndi ulusi. Koma masamu anamugwetsa. Teremu yoyamba analephera. Yachiwiri analepheranso. Anabwereza chaka, anyamata amene anayamba nawo akumupatsa moni wachisoni. Ankawerengera masamuwo pa mapepala okulungira mandasi, mpaka tsiku lina manambala anasiya kuvina, anakhala pansi n'kuyamba kumveka.

Mphunzitsi wawo, a Lawford, anali munthu wosakonda nthabwala. Lolemba lililonse ankalemba mawu atatu pa bolodi la m'kalasi: zimitsa, khoma, yesa. Zimitsa pa swichi yaikulu ndi dzanja lako. Khoma ndi loko wako, kiyi akhale ndi iwe, kuti wina asadzayatse iwe uli pa waya. Yesa ndi tesita, ndipo tesitayo uyambe waiyesa pamene pali moto, kuti udziwe kuti si yakufa.

"Waya aliyense ndi wamoyo," ankatero, "mpaka iwe mwini utamupha."

Chomaliza chinali miyezi isanu ndi umodzi yogwira ntchito pansi pa mmisiri wa laisensi. Mmisiriyo ndiye amasaina buku la wophunzira, ndipo popanda siginecha imeneyo palibe kulemba mayeso a boma. Amisiri anayi anamukana. Wina anati mkazi pa makwerero ndi tsoka. A Daxa ndiwo anakakamiza kasitomala wawo wakale, a Davison, amene anavomera nkhope itagwa.

A Davison ntchito ankaidziwa, zimenezo tisawanamizire. Zaka makumi atatu ali m'mawaya, ankatha kununkhiza soketi n'kukuuza pamene pavuta. Koma anali achangu, ndipo ngozi inali isanawagwire, ndiye ankaiona ngati nthano. Alinesi ankanyamula makwerero, kusema makoma, kukoka mawaya m'mapaipi. Sanadandaule. Buku lake linkakhala m'galimoto ya a Davison, likudikira sabata yomaliza.

Sabata yomalizayo inawapeza ku Area 47, pa nyumba ya Mayi Kenani, ogwira ntchito mu ofesi ku City Centre. Waya wa giza, thanki yotenthetsa madzi osamba, ankafunika kusinthidwa, ndipo gizayo inali m'siling'i. Kachibowo kolowera kanali kakang'ono. A Davison ndi mimba yawo komanso bondo lawo lovuta sakanakwanapo.

Tsikulo magetsi anali atazima dera lonse, monga mwa ndondomeko ya masiku amenewo.

"Lero tili ndi mwayi," anatero a Davison. "Apita m'mawa, abwera sikisi madzulo. Kwerani, asisi, tithane nazo."

"Bolodi la magetsi lili kuti, abwana?"

Anayankha anali mayi wantchito wa panyumbapo, akukolopa m'khonde. "Lili mu sitoo, kuseri kwa thumba la mpunga. Koma n'kokhoma. Kiyi amapita naye madamu."

Alinesi sanadabwe. Anagwirapo m'nyumba zoterezi. Shuga, mafuta ophikira ndi sopo zimakhala mokhoma, ndipo kiyi amayenda m'chikwama cha madamu. Omanga nyumba amakonda kubisa bolodi mu sitoo kuti lisanyanse pa balaza, osaganiza kuti chitseko chimenecho ndicho chokhomedwa kwambiri m'nyumba yonse. Mita ya panja inali yomata ndi eni magetsi, yosayenera kukhudzidwa.

A Davison analowetsa tchaja cha foni mu soketi ya pa balaza. Zii.

"Waona? Lilongwe yense wazimitsidwa. Ukufuna uzimitsenso chiyani, dzuwa?"

"Amene wazimitsayo sakundidziwa, abwana. Akafuna kuyatsa sadzandifunsa."

Muziwamvetsa a Davison. Mu mzinda muno amisiri ambiri amasangalala magetsi akapita. Amati kampani yawazimitsira kale, n'kukwera. Ena amachita kukonza ntchito zawo motsatira ndondomeko ya kuzima kwa magetsi. Masiku ambiri amatsika amoyo, ndipo zimenezi n'zimene zimawapusitsa.

"Ine ndayamba ntchito imeneyi iwe ukuyamwa," anatero a Davison. "Ndili ndi ntchito ina thu koloko. Buku lako lili m'galimoto. Ukapanda kukwera, ukalitenge mmene lililimo, ukasainitse kwa a mandasi anzako."

Alinesi anayang'ana m'mwamba. Kachibowo kanali kotsegula kale. Mkatimo munali mdima wofunda, ndipo kuwala kolowera m'mabowo a misomali ya malata kunkaoneka ngati nyenyezi masanasana, fumbi likuyandama pang'onopang'ono. Munali mokongola, mokopa. Mphindi makumi atatu zokha, atsike, buku lisainidwe. Zaka zitatu za utsi wa chiwaya ndi masamu zinali m'manja mwa bambo wokwiya amene anaima kumbuyo kwake. Phazi lake linafika pa sitepe yoyamba ya makwerero lokha, iye osalituma.

Analibweza pansi.

"Ndipatseni ola limodzi. Ndikukatenga kiyi."

Foni ya Mayi Kenani sinkayankhidwa. Alinesi anatuluka pa geti n'kuimitsa kabaza wa njinga yamoto. Sanacheuke kuti aone ngati a Davison akulongedza zida.

Ku City Centre anali asanalowepo mu ofesi iliyonse ya kumeneko. Misewu yotakata, mitengo italiitali, nyumba zosanja zikung'ung'udza ndi majenereta, anthu ochepa oyenda ngati sakugunda pansi. Iye ali mu ovolosi ya fumbi la simenti, duku kumutu. Mlonda anamuimitsa pakhomo. Anafotokoza, mlondayo anaseka, anafotokozanso. Anamukhazika pa benchi. Anakhala pamenepo akuyang'ana nsapato zonyezimira zikudutsa, ola limene anapempha lija likutha.

Mayi Kenani anatuluka mu msonkhano nkhope ili gwa.

"Ndinu ndani? Kiyi wa sitoo yanga ndimupereke kwa munthu amene sindikumudziwa?"

"Madamu, ndinagwirapo ntchito ya m'nyumba zaka zisanu ndi chimodzi. Ndikudziwa chifukwa chake mumakhoma, ndipo sindikukuweruzani. Shuga wanu simusowa. Koma swichi yaikulu ili m'menemo. Ndikakwera osazimitsa, mwina mudzapeza madzi otentha, mwina mudzapeza mtembo pamwamba pa bafa lanu."

Mayi Kenani anayang'ana wotchi. Kiyi sanamupatse, chizolowezi sichifa tsiku limodzi. Anati, "Tiyeni, ndikatsegule ndekha."

Anapeza a Davison atakhala m'galimoto yawo, chitseko chotsegula, injini yozima. Ntchito ya thu koloko inali itawadutsa. Sanamuyang'ane Alinesi.

Chitseko cha sitoo chitatseguka, onse anamva kaphokoso kakang'ono ngati njuchi ili m'botolo. Pansi pa shelefu, pambali pa zigubu za mafuta, kanyali kobiriwira kankaphethira. Panali inveta, makina otenga moto wa m'mabatire n'kuupereka m'nyumba, ndi mabatire awiri akuluakulu.

"Iii, ndinaiwala kukuuzani," anatero Mayi Kenani. "Tinaikitsa chaka chatha. Imayatsa mababu okha magetsi akapita. Masoketi ayi."

Mawaya a mababu amadutsa m'siling'i. Tsiku lonse lija, mzinda uli chizimire, denga la nyumbayo linali ndi moto.

Alinesi anasuntha thumba la mpunga. Anazimitsa inveta, anagwetsa swichi yake, anagwetsa swichi yaikulu. Anatseka chivundikiro cha bolodi n'kukhoma ndi kaloko kake, kiyi n'kumumanga pa nsonga ya duku. Tesita yake anali ataiyesa pa inveta isanazime, ndipo inayaka. Ndiye anakwera.

Atangolowetsa mutu ndi tochi, anaona. Pa mtanda woyamba, pamene aliyense wokwera amagwira kuti adzikoke, panadutsa waya wa mababu. Makoswe anali atamusenda kutalika ngati chala, kopa wa m'kati ali mbee. Anagunditsa tesita. Wakufa.

"Abwana, takwerani pang'ono muone."

A Davison anakwera masitepe atatu ndi bondo lawolo, analowetsa mutu n'kuona wayayo. Atatsika anapukuta nkhope ndi chipewa.

"Makoswe a ku 47 amadya bwino," anatero.

Alinesi anasintha waya wa giza, anasintha wa mababu uja, anamanga waya wa ethi amene anamupeza akulendewera pa thanki. Anagwira mosathamanga, thukuta likutsika, tinyenyezi ta m'malata tikuyenda pa manja ake. Atatsika anali wakuda ngati wotentha makala.

A Davison sanapepese. Amuna a msinkhu wawo sapepesa kwa wophunzira, ndipo Alinesi sanadikire zimenezo. Anatulutsa buku, analitsamiritsa pa boneti, anasaina masamba onse limodzilimodzi.

"Pakamwa pako m'pakuthwa," anatero akumupatsa. "Mawa seveni koloko. Ndipo undigulireko kaloko ngati kakoko kwa a Daxa."

Mayeso a boma anakhoza ulendo woyamba. Patapita zaka zina anakwera giredi n'kupeza laisensi yakeyake. Mayi Kenani anauza anzawo a mu ofesi, anzawowo anauza anzawo. Lero amayi a ku Area 47, Area 10 ndi Area 43 amapatsirana nambala yake, ena chifukwa cha ntchito yake, ena chifukwa mtima umakhala m'malo kusiya mkazi mnzawo m'chipinda chogona.

Sindikuuzani kuti ndi wolemera. Alibe galimoto. Mukhoza kukumana naye mu minibasi, chikwama cha zida chili pa miyendo, maso ali pawindo, akuyang'ana nyumba za eni ngati akuona za mkati mwa makoma. Koma mwana wake ali ku sekondale, ndipo iye amasaina mabuku a ophunzira ena. Funso lake loyamba pa nyumba iliyonse silisintha: bolodi lili kuti, ndipo muli ndi inveta, sola kapena jenereta?

Inu amene mukuwerenga, yambani ndi kwanu. Dziwani pamene pali swichi yaikulu, ndipo aliyense wamkulu wokhala m'nyumbamo, wantchito yemwe, athe kuifikira popanda kudikira munthu ali kutali. Soketi ikada kapena kununkha, bureka ikamagwagwa, mpopi wa m'bafa ukamaluma dzanja, musazolowere. Zimitsani, itanani mmisiri wa laisensi, ndipo musachite manyazi kumufunsa pepala lake. Magetsi akapita musati apita. Amabwera osagogoda, ndipo m'nyumba zambiri masiku ano sachoka n'komwe.

Ndipo inu amene mwakhala pansi chifukwa munalephera mayeso, munachotsedwa ntchito, kapena munalakwitsa chinthu chachikulu ndi manja anu omwe, dzukani mukafunse kumene amaphunzitsa ntchito. Mudzakhala wamkulu m'kalasi, adzakusekani, masamu adzakugwetsani kawiri. Pitanibe. Ndipo likadzafika tsiku loti musankhe pakati pa kukondweretsa abwana ndi kuchita chimene mukudziwa kuti n'cholondola, bwezani phazi pansi, mukatenge kiyi.

Musataye mtima, abale anga. Ndipo musatayenso moyo chifukwa choopa kusekedwa.